Buku la Kamkwamba latikanganitsa kuno ku Harare

Kuno ku Harare buku la Chichewa m'shopu simungalipeze, iwalani. Mukayenda m'tauni mavenda ayala mabuku pansi m'mbali mwa msewu, ambiri ndi a fotokope, mapepala opyapyala zilembo zina zofufutika, ndipo onse ndi a Chingerezi kapena Chishona. Ndiye ife amene makolo athu anachokera ku Malawi timangobwerekana basi, buku limodzi limachoka ku Mbare kupita ku Mufakose mpaka kukafika ku Epworth, pobwerera kwa mwini wake chikuto chathothoka kale. Ndipo aliyense pobweza amabweza ndi mawu ake.

Limene layenda kwambiri miyezi ino ndi The Boy Who Harnessed the Wind, la William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu uja anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zidutswa za njinga ndi mitengo ya bulugamu. Linatuluka mu 2009, filimu yake mu 2019. Ine ndinkaganiza kuti tonse tingoti ndi labwino nkhani n'kuthera pomwepo, koma ayi ndithu.

Agogo ena a kutchalitchi kwathu, amene anabwera kuno nthawi ya Rhodesia kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, mdzukulu wawo ndi amene amawawerengera n'kumawamasulira. Akafika pa za mawaya ndi dayinamo amati "dumpha pamenepo mwanawe, bwerera kumunda kuja." Iwo amafuna kumva za chimanga, za gule wamkulu, za mzere wa ku ADMARC nthawi ya njala ya 2002 anthu akudya gaga. Akuti pamenepo William sananame. Pomwe mnyamata wina wokonza magetsi ku Highfield akudandaula zosiyana, eti buku likuchedwa kwambiri pa nkhani za ufiti ndi mankhwala, iye amafuna lifike msanga pa makinawo poti magetsi akuzimazima kunowa munthu ungatolepo nzeru. Buku lomwelo, wina akudumpha chimene mnzake akuchifuna.

Koma mkangano weniweni unali wa galu. Amayi ena anati analira pamene William anakamangirira galu wake Khamba pamtengo n'kumusiya afe poti chakudya kunalibe. Anzawo anawadula pakamwa, "mayi inu, anthu akugwa m'misewu ndi njala inu mukulirira galu?" Iwo osagonja, akuti ife tinaona 2008 mashelefu ali mbee m'mashopu, ndalama zodzaza chikwama osagula ngakhale buledi, njala ya anthu tikuidziwa kale, koma mwana kusiya galu wake ndiye chimene chikukuuza kuti zafika posauzana. Apa ine ndili mbali yawo amayiwa.

Changa chimene sichinandisangalatse n'choti bukuli analemba mothandizana ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer, ndipo penapake umachita kumva kuti akufotokozera azungu. Munthu wakula ndi nsima ndiye azikuuzanso kuti nsima ndi chiyani, aaa. Komabe ndinalimaliza mosavuta.

Lina limene lagawa anthu ndi We Need New Names la NoViolet Bulawayo, la mu 2013. Achinyamata akuti n'loseketsa, ana aja a ku Paradise, dera la zisakasa la m'bukumo, okaba magwafa kumayadi. Koma azakhali ena amene nyumba yawo inagwetsedwa pa Murambatsvina, pamene boma linkagwetsa nyumba m'matauni mu 2005, anangofika pamene mabuludoza akubwera n'kulitseka, anabweza osamaliza, akuti zimenezo safuna kuziwerenga anaziona ndi maso. Ambiri akuti likafika poti Darling, mtsikana wofotokoza nkhaniyo, wapita ku America limazizira. Ine ndiye ndikukana, gawo limenelo ndi lathu kwambiri kuposa loyamba lija. Mwana woti kumene wapita si kwawo ndipo kumene anachoka akumuuza kuti si wakonso, nanga si ife amene? Tinabadwira konkuno koma makolo athu zitupa zawo zinalembedwa kuti alien, kutanthauza mlendo, mpaka malamulo a dziko a 2013 ndi amene anatsegula njira ya unzika kwa obadwira kuno, malamulo omwewo n'kuika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Tikapita ku Malawi nakonso akangomva Chichewa chathu chosakaniza ndi Chishona amadziwiratu kuti awa ndi ana a matchona.

Zilankhulo 16 zo zili papepala, koma buku la Chichewa mpaka lichite kukwera basi, kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda. Achimwene ena oyendetsa thiraki atibweretsera Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, lakale ndithu lija akuluakulu ophunzira ku Malawi amalikumbuka. Agogo aja alitenga kaye, ndipo panopa zatembenuka, iwo ndi amene akuwerengera mdzukulu chifukwa mwanayo Chichewa amamva koma kuwerenga amachita chibwibwi. Amene ali pamzere dikirani, ndipo amene ali ndi la Kamkwamba lija ku Dzivarasekwa chonde libwere Lamulungu, pali anthu akulifunsa.