Umuna si madzi wamba

Kuno ku Senga Bay ndamva amuna ambiri akunena kuti malinga ngati umuna ukutuluka wokhuthala, ndiye kuti vuto la kusabereka lili kwa mkazi. Mawu amenewa amandipweteka mtima, chifukwa mbewu ya bambo ndi kagawo kochepa chabe ka zimene zimatuluka, ndipo maso paokha sangaione.

Mbewu imapangidwa m'machende kwa miyezi yoposa iwiri, koma ikamachoka m'menemo imakhala isanathe kusambira. Imayamba yadutsa m'kamtsempha kopotanapotana kotchedwa epididymis, kotalika pafupifupi mamita 6, momwe mapuloteni amaimatirira pakhungu n'kuikhwimitsa. Pa nthawi yotuluka imasakanikirana ndi madzi ochokera m'timatumba tiwiri ta kuseri kwa chikhodzodzo, omwe amakhala ndi shuga wopatsa mbewuyo mphamvu komanso puloteni yotchedwa semenogelin. Puloteni imeneyi imaundanitsa umuna ngati phala lozizira, n'kugwira mbewu kuti isayambe kuthamanga nthawi isanakwane. Kenako puloteni ina yotchedwa PSA, yochokera ku prostate, kachiwalo kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo, imaduladula semenogelin uja, ndipo pakatha mphindi 15 mpaka 30 umuna umasungunuka, mbewu n'kumasuka. Zimenezi zikalephereka, mbewu ngakhale yathanzi imakhalabe yomangika, moti kukhuthala kumene ena amanyadira kutha kukhala gwero lenileni la vuto.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno kunyanja ndi likodzo. Tonse timalidziwa ndi kukodza magazi, koma mazira a nyongolotsi zake amakakhazikikanso m'timatumba tija ndi mu prostate, malo enieni opangira mapuloteniwa, n'kuyambitsa kutupa. Msodzi amene amakhala m'madzi tsiku ndi tsiku kukoka khoka akaona magazi mu umuna amaganiza kuti walodzedwa, pamene mankhwala ake ndi praziquantel yemweyo amene ana athu amalandira kusukulu.

Mlamu wanga wakhala zaka 4 m'banja popanda mphatso, ndipo nthawi yonseyi amene wakhala akumwa zitsamba ndi mchemwali wanga yekha. Ndinamuuza kuti, “Alamu, kuchipatala amayeza kuchuluka kwa mbewu, kusambira kwake ndi nthawi imene umuna umatenga kuti usungunuke.” Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anandifunsa ngati poyezapo pamakhala anthu ena, ndipo tinagwirizana kuti Lolemba ndimuperekeza.